Mwana akaulula za nkhanza, usiku umenewo akagona kuti?

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya ana amene akuchitiridwa nkhanza m'makomomu, makamaka pa zomwe zimachitika mwana uja akaulula kale. Pa wailesi tsiku ndi tsiku timamva uthenga woti musabise, kaneneni kupolisi, imbani 116, ndipo uthengawo ndi wabwino, inenso ndimawuza ana ndi makolo zomwezo chifukwa ndili mu mother group, gulu la amayi oyang'anira za ana, ya pasukulu ya pulayimale kwathu kuno. Koma pali funso limene sindikumva munthu akuliyankha, loti mwana akanena ndiye usiku umenewo akagona kuti, adya chani, nanga ndani alipire kabaza yopita naye kuchipatala ndi kukhoti. Pamenepa ndi pomwe ntchito yoteteza ana imadukira m'dziko muno, ndipo ikaduka chonchi amene amatsala ndi mtolo wonse ndi banja losauka lomwelo limene tinalilimbikitsa kuti lisabise.

Asatinamize munthu kuti vuto ndi malamulo. Mu 2010 aphungu anadutsitsa Child Care, Protection and Justice Act, lamulo lomwe limanena momveka bwino za mwana wofunika chisamaliro ndi chitetezo, za makhoti a ana, za udindo wa kholo kupereka chithandizo kwa mwana wake ngakhale banja litatha. Mu 2011 kunabwera lamulo la chuma cha masiye lomwe linapanga kulanda katundu wa ana ndi amayi amasiye kukhala mlandu. Mu 2015 anati ukwati uziyambira zaka 18, ndipo mu February 2017 anasintha ndi malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana basi, palibenso zoti makolo avomereza. Munthu wogwiririra mwana atha kupatsidwa chilango chokhala kundende moyo wake wonse. Zonsezi zilipo pa pepala ndipo ndi zabwino zedi. Koma kwa ife akumudzi zili ngati mjigo wopentedwa bwino, wolembedwa ndi dzina la amene anaumanga, koma ukapopa madzi osatuluka.

Ndipo ana ake si ochepa ayi. Kafukufuku amene boma linachita mu 2013 pa nkhanza zochitikira ana anapeza kuti mtsikana m'modzi mwa asanu aliwonse ndi mnyamata m'modzi mwa asanu ndi awiri anachitiridwapo nkhanza zogonana asanakwane zaka 18. Tangowerengani ana a m'kalasi imodzi ya sitandade 6 yomwe mumakhala ana oposa handiredi, muwona nokha kuti tikukamba za ana angati pasukulu imodzi yokha.

Ndikufuna ndifotokoze za mtsikana wina amene nkhani yake inadutsa m'manja mwathu, dzina ndi dera sinditchula chifukwa mwanayo akadali moyo ndipo ali ndi tsogolo loti alisamale. Anali wa zaka 12, wochenjera m'kalasi, kenaka anangoyamba kujomba, akabwera kumangogona pa desiki osalankhula ndi anzake. Aphunzitsi ake aakazi ndi amene anamuitana pambali, ndiye mwana anaulula kuti bambo ake omupeza akhala akumugona mayi ake akapita kukagulitsa tomato kumsika. Tinachita zonse zimene anatiphunzitsa. Tinawauza mayi ake, ndipo ndiwayamikire mayi amene uja chifukwa sanakane, sanamutukwane mwana, analira kenaka anamanga chitenje nkunena kuti tiyeni kupolisi. Kupolisi anatilandira bwino koma galimoto inalibe mafuta, ndiye kuti akamugwire bamboyo panafunika ife tipeze ya kabaza ya apolisi awiri. Kuchipatala chapafupi anati kuno sitingathe kulemba lipoti loti likagwire ntchito kukhoti, pitani kuboma, ndipo apa muzikumbuka kuti mankhwala oteteza ku HIV aja amagwira ntchito pokhapokha mwana awayambe pasanathe maola 72, ndiye tinasonkherana ndalama amayi okhaokha, wina 500 wina 1,000, kuti mwana afike. A social welfare tinawaimbira, munthu wabwino kwambiri, anatiimbiranso ndi mayunitsi awoawo, koma anatiuza chilungamo kuti njinga yamoto ya ofesi yaima kalekale ndipo malo oti akamusunge mwanayo kwa masiku angapo palibe. Ndiye mwana anabwerera kunyumba komweko, chipinda chomwecho, mphasa yomweyo.

Zimene zinatsatira ndi zimene zandipangitsa kulemba kalatayi. Bambo uja ndi amene ankalipira lendi. Atangomangidwa achibale ake anabwera gulu kudzawazazira mayi aja kuti wamangitsa m'bale wathu chifukwa cha bodza la kamwana, ena mpaka kumawopseza kuti uwona. A landilodi anayamba kufunsa ndalama yawo. Patapita nthawi bamboyo anatuluka pa belo nkumayendayenda m'dera lomwelo, mwana akamapita kumjigo kumakumana naye. Mlandu kukhoti unkangosunthidwa, lero wapolisi wofufuza wapita kumaliro, tsiku lina fayilo sinafike, tsiku lina woweruza ali ku msonkhano, ndipo ulendo uliwonse mayi aja amasiya bizinesi yawo, kulipira thiransipoti ya anthu awiri kupita ndi kubwera, mpaka mpamba wa tomato unathera m'njira. Tsiku lina anangoti amayi ine ndatopa, ndilibenso ndalama, ndipo sanapitenso. Mwana anamutumiza kumudzi kwa agogo ake, sukulu inathera pomwepo. Ife a mother group tinayesa kufunsa kuti mlandu uli pati koma yankho lake linali loti mboni sizikubwera.

Ndiye taganizani, amayi ena onse a m'dera lija anaona zonsezi ndi maso awo. Anaphunzirapo chani? Anaphunzira kuti ukanena umataya nyumba, umataya bizinesi, umadana ndi achibale, ndipo wolakwa uja umakumana naye pamsika akuseka. Mawa mwana wina akadzaulula mayi ake adzamutseka pakamwa, ndipo ife tidzabwera ndi ma t-shirt athu nkumati anthu akumudzi ndi osazindikira, amabisa nkhanza. Si umbuli ayi, anthu aja anawerengera bwinobwino mtengo wa kunena ndipo anaona kuti sangaukwanitse.

Sindikuikira kumbuyo mchitidwe wokambirana pachibale. Ndi woipa ndipo umandinyansa. Mwana wagwiriridwa, ankhoswe ndi eni mbumba akhala pansi pa mtengo, wolakwa walipira mbuzi kapena ndalama, a nyakwawa alandira yawo, nkhani yatha, mwana osamufunsa nkomwe ndipo kuchipatala osapita naye. Mafumu amene amaweruza milandu yotere akuphwanya lamulo ndipo akuyenera kudziwa zimenezo, chimodzimodzi azibusa amene amati tingopemphera tikhululukirane mpingo ungachite manyazi. Koma ngati tikufuna anthu asiye njira imeneyi ndiye njira ya boma ikhale yoti munthu wosauka angathe kuyendamo mpaka kumapeto. Panopa siili choncho.

Ma One Stop Centre aja, monga ya ku Queens ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndi nzeru yabwino kwambiri, chifukwa dokotala, wapolisi, wa social welfare ndi wopereka uphungu amapezeka malo amodzi ndipo mwana safotokoza nkhani yake yowawa kambirimbiri kwa anthu osiyanasiyana. Ma Victim Support Unit kupolisi nawo athandiza anthu ambiri. A YONECO ku Zomba amene amayendetsa nambala ya 116 akugwira ntchito yotamandika. Koma foni ikalira ku Zomba, amene akuyenera kunyamuka kupita kwa mwana uja ndi munthu wa m'boma lomwe mwanayo ali, ndipo ngati munthu ameneyo alibe mafuta ndiye kuti foni ija yathera m'malere. Komanso Amalawi ambiri sitikhala pafupi ndi chipatala chachikulu, tili kumidzi komwe nthawi ya dzinja ngakhale njinga yamoto imakanika kudutsa.

Anthu amakonda kuwanena a social welfare kuti ndi aulesi, amangofuna ma alawansi. Mwina alipo otero ngati m'maofesi ena onse, koma amene ine ndawaona ndi anthu otopa. Ofesi imodzi paboma, anthu owerengeka, ndipo ofesi yomweyo ndi imene ikuyembekezeka kuona za Mtukula Pakhomo, za ma bursary a ana ovutika, za okalamba, za anthu aulumali, za sukulu za mmera mpoyamba, kulemba malipoti a ana amene ali ndi milandu kukhoti, kuyendera malo osungira ana amasiye, ndiye kukagwa ngozi ya madzi osefukira onse amathamangira kumakampu. Anthuwa anaphunzira ntchito yawo, ena ku Magomero ena ku yunivesite, akudziwa chochita, koma chochitira alibe. Kumudzi kuno tili ndi ma child protection worker, ambiri mwa iwo ndi ongodzipereka, salandira kanthu pamwezi, amayenda wapansi kapena pa njinga yawoyawo, ndipo ndi amene amagogodedwa usiku mwana akathawa kwawo. Munthu wotere timuyembekezere kuti agwira ntchito zaka ndi zaka ana ake akugona ndi njala?

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi choti ntchito yoteteza ana tinaisiya m'manja mwa mabungwe. Pulojekiti ikabwera zonse zimayenda, njinga zamoto zatsopano, mafomu, maphunziro, makomiti m'mudzi uliwonse. Pakatha zaka zitatu pulojekiti yatha, makomiti aja amafa, mafomu amadyedwa ndi chiswe. Tinaona tonse kumayambiriro kwa 2025 dziko la America litaimitsa thandizo lake, anthu amene ankayendera ana amasiye ndi ana amene ali pa ma ARV anangouzidwa kuti khalani kaye kunyumba. Sindikunyoza mabungwe, atithandiza kwambiri, koma ana awa ndi a Malawi, ndipo ndalama yowateteza imayenera kuchokera mu bajeti yathu chaka ndi chaka ngati mmene timachitira ndi malipiro a aphungu.

Tsopano ndikambe za agogo, chifukwa kunena zoona amene akusunga ana ovutika m'dziko muno si boma kapena ma orphanage, ndi agogo ndi azakhali. Edzi itatenga makolo ambiri m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000 anali agogo amene anatola ana. Lero makolo ena ali moyo koma ali ku Joni, miyezi yoyamba amatumiza kangachepe kenaka foni siikupezekanso, ana atsala ndi gogo wa zaka 70 amene ngakhale khasu likumulemera. Mtukula Pakhomo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006, ndi pologalamu yabwino ndipo ndaona ana akubwerera kusukulu chifukwa cha iyo, koma imafikira mabanja ochepa, pafupifupi khumi pa handiredi aliwonse, pomwe ovutikitsitsa m'mudzi ndi ochuluka kuposa pamenepo, ndiye mumapeza gogo wina akulandira, woyandikana naye amene ali ndi zidzukulu zisanu sanalembedwe. Ndalama yakenso inachepa mphamvu, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo nthawi zina imachedwa miyezi. Gogo uja akafika pothedwa nzeru amachita chimodzi mwa zinthu zomwe tonse timazidziwa. Mtsikana wamkulu amamupereka kwa munthu wa m'tauni amene walonjeza kuti akamuphunzitsa, kumene amakakhala wantchito wosalipidwa, kudzuka folo koloko kugona leveni, sukulu osaiona. Mnyamata amapita kukaweta ng'ombe kapena ku esiteti ya fodya. Kapena mtsikana uja amangomulola akwatiwe kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi. Palibe wa boma amene amabwera kudzafunsa kuti ana aja munali nawo chaka chatha ali kuti.

Za ma orphanage nazo ndili nazo mawu. Ana ambiri amene ali m'malo amenewa ali ndi kholo limodzi lamoyo kapena achibale, chinawapititsa kumeneko ndi umphawi, chifukwa kumeneko kuli phala, yunifolomu ndi fizi. Ndiye ndalama zambirimbiri za anthu akufuna kwabwino zimapita kukamanga mpanda ndi ma hostel, pomwe kachigawo kochepa chabe ka ndalama zomwezo katapita kwa gogo uja mwana akanakulira pakati pa abale ake, akudziwa munda wa kwawo ndi manda a makolo ake. Mwana wokulira kumpanda akakwana zaka 18 amatuluka ngati mlendo, kumudzi malo ake anagawana kale. Boma linayamba ntchito yobwezera ana otere kwa achibale ndipo maganizo ake ndi olondola, koma kumubweza mwana ndi thumba limodzi la chimanga ndi bulangeti kenaka osadzabweranso kudzamuona sikumuthandiza, umphawi umene unamuchotsa pakhomopo ukadalipo. Ndipo malo ena osungira ana sayenderedwa nkomwe, munthu amangotsegula, kujambula ana zithunzi, kutumiza kunja, zomwe zikuchitika mkatimo palibe akudziwa.

Ana a mumsewu ndi zipatso za zonsezi. Nthawi ndi nthawi timamva kuti boma lalamula kuti ana onse achotsedwe m'misewu ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, apolisi amawatola, pakatha milungu iwiri abwerera pamalo pomwe paja. Nanga abwerera osabwerera bwanji poti chimene anathawa kunyumba palibe wachikhudza? Wina anathawa chibakera cha bambo omupeza, wina njala, wina amatumidwa ndi makolo ake omwe kuti akapemphe. Mabungwe ngati Chisomo Children's Club, Samaritan Trust ndi Tikondane akhala akuyesetsa kwa zaka zambiri kuwafufuzira kwawo ndi kukambirana ndi makolo, ndipo ntchito yotere ndi yapang'onopang'ono, imafuna munthu woyendera banjalo kawirikawiri. Tikawasiya anawa amakula, ndipo tikayamba kulira kuti akutibera mafoni ndi kutichita chipongwe pa depoti timaiwala kuti anali ndi zaka seveni pamene tinkawadutsa pa mphambano.

Akapalamula ndiye kwinanso. Lamulo la 2010 lija limati mwana asatsekeredwe kundende, pali malo ngati Mpemba ku Blantyre ndi Chilwa ku Zomba omwe ntchito yake ndi kuwongola ana. Koma zinatengera khoti lalikulu mu 2018 kulamula kuti ana amene ankasungidwa ku ndende za Bvumbwe ndi Kachere achotsedweko, patatha zaka eyiti lamulo lilipo. Ndipo poti ana ambiri akumudzi alibe chiphaso cha kubadwa, mnyamata wa zaka 15 wathupi lalikulu amangolembedwa 18 nkukagona selo imodzi ndi akuluakulu. Mayi ake kumudzi sadziwa nkomwe kuti lamulo lili kumbali yawo, amangogulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti yokamuona.

Pa maukwati a ana tachitapo ndithu, ndipo Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inaonetsa dziko lonse kuti mfumu ikafuna zimatheka, inathetsa maukwati mazanamazana ndi kuchotsa nyakwawa zimene zinkalekerera. Koma ife a mother group ndi amene timadziwa zimene zimachitika tikamuchotsa mwana kubanja. Timaombera m'manja, kujambulitsa, mwana wabwerera kusukulu ndi khanda kumsana. Teremu yotsatira alibe sopo, alibe makope, khanda likudwala, womusiyira palibe, makolo ake akumunena kuti watibweretsera pakamwa pawiri, ndipo mwamuna uja akumutumizira uthenga kuti bwerera. Ambiri amabwerera. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid boma lomwe linapeza maukwati a ana pafupifupi 13,000 ndi atsikana otenga mimba oposa 40,000 m'miyezi yochepa chabe, ndiye ndimadzifunsa kuti mwa ana amenewa ndi angati amene wina anawatsatira mpaka lero. Chimodzimodzi ana amene makolo awo anakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu March 2023 ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena, makampu atatsekedwa anagawidwa kwa achibale amene nawonso anataya zonse, kodi alipo amene ali ndi mndandanda wawo nkumawayendera?

Abambo othawa ana ndisawasiye. Mayi amapita kukhoti, khoti ligamula kuti bambo azipereka ndalama mwezi ndi mwezi, bambo apereka mwezi umodzi basi. Kuti mayi akadandaulenso ndi thiransipoti ina, ndipo nthawi zina amauzidwa kuti akamufufuze yekha mwamunayo komwe ali. Abambo ena ndi apantchito zolembedwa, malipiro awo amadutsa kubanki, chovuta nchiyani kuti ndalama ya mwana izidulidwa komweko isanafike m'thumba mwawo?

Zimene ndikupempha si zakumwamba. Boma lililonse likhale ndi nyumba ngakhale imodzi yotetezeka, yokhala ndi mayi wosamalira ndi chakudya, komwe mwana amene waulula angagone pamene nkhani yake ikufufuzidwa, kapena mabanja odalirika osankhidwa ndi kuphunzitsidwa amene boma lingamawapatse kangachepe kuti asunge mwana kwa kanthawi. Ofesi ya social welfare ikhale ndi ndalama yake ya mafuta ndi ya thiransipoti ya mboni yomwe singakhudzidwe ndi zina, kuti mayi amene walimba mtima asagulitse mpamba wake pofuna chilungamo, ndipo milandu ya ana iziweruzidwa msanga mwana asanatope ndi kuopsezedwa. Ma child protection worker alembedwe ntchito azilandira. Aphungu ndi makhansala, ndalama za chitukuko cha m'madera za CDF zija zamanga milatho ndi midadada, tikuthokoza, koma kodi mudakhalapo pansi ndi wa social welfare wa m'boma lanu kumufunsa kuti ana angati akudikira thandizo pa tebulo pake?

Ndipo inu a nyuzipepala muli ndi mbali yanu. Nkhani ya kugwiririra mumailemba tsiku limene munthu wamangidwa ndi tsiku limene wagamulidwa zaka zakutizakuti, koma milandu imene imafera m'njira ngati wa mtsikana ndanena uja simuilemba chifukwa palibe amene amakuitanani. Tumizani atolankhani anu m'maboma angapo, akafunse ku khonsolo kuti ofesi ya social welfare inalandira ndalama zingati zoyendetsera ntchito mwezi watha, ili ndi antchito angati, njinga zamoto zoyenda ndi zingati, ndipo pa milandu ya ana imene inalembedwa kupolisi chaka chatha ndi ingati inafika pa chigamulo. Manambala amenewo muwasindikize m'Chichewa kuti ife kuno tiwawerenge ndi kupita nawo kwa aphungu athu nthawi ya bajeti isanafike.

Ndine wanu,
Mayi wa mu mother group